Chibale N'fupa, Sichiola

Akuluakulu anati chibale n'fupa, sichiola. Ku Thekerani, m'boma la Thyolo, mawuwa amayesedwa pakabuka nkhani ya munda. Kwa Alhomwe ndi Amang'anja, malo amatsata kuchikazi. Mkamwini amalima ndithu, koma munda ndi wa mkazi ndi ana ake aakazi, malume nakhala mwini mbumba. Ku England zinali zina: minda ya mabanja olemera inkapita kwa mwana wamwamuna woyamba, wamkazi n'kulandira pokhapokha ngati alibe mlongo, ndipo lamulo loteteza chuma cha akazi okwatiwa lisanabwere mu 1882, mwamuna wake ndiye ankalamulira chumacho.

Mwambo wathu umamuteteza mwana wamkazi, ndipo ine ndimaunyadira. Vuto ndi kuchepa kwa malo. Minda ya tiyi inatenga dera lalikulu la Thyolo m'nthawi ya atsamunda. Lero agogo akatsikira kulichete, ana awo amagawana kamunda kapamtsetse, malire ake tsinde la nthochi, ndipo obadwa bere limodzi amaleka kupatsana moni chifukwa cha mizere iwiri ya chimanga.

Inu amalume, itanani mbumba agogo akadali moyo, aloze okha malire pamaso pa anyakwawa.