Kodi Naruto angalakwiridwe?

Pa tchuthi cha Ogasiti ndinachoka ku Lusaka kukaona mlongo wanga ku Luangwa. Madzulo ena ndinakhala pagombe ndi mwana wake wa giredi 9, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, Zumbo akuoneka kutsidya. Anandipatsa foni nkhope ili ndwii.

"Amalume, taonani zimene amuchita Naruto."

Wina pa intaneti anajambula Naruto ataledzera, akumenya mkazi wake Hinata. Luso linalipo ndithu. Ndinaseka, n'kumuuza kuti Naruto ndi inki chabe ya Masashi Kishimoto, nkhani imene inayamba mu 1999 n'kutha mu 2014. Inki simva kuwawa. Mwanayo analanda foni yake osayankha.

Usiku ndinayesa kudzilungamitsa. Ku Japan komweko okonda nkhanizi amajambula timabuku tawo, n'kumatigulitsa pa Comiket ku Tokyo kuyambira 1975, ndipo eni nkhani nthawi zambiri amangoyang'ana kumbali. Nafenso timachita zomwezo. Kalulu wa agogo anga sanali Kalulu wa agogo anu. Anyau anatenga Maliya wa kutchalitchi n'kumuvinitsa pabwalo, amishoni n'kukwiya. Ine ndimaikira kumbuyo anyau pa mlandu umenewo, ndiye ndingaletse bwanji wojambula uja?

Komabe pali kusiyana kumene sindinathe kukuthawa. Gule amavina pamaso pa mudzi, ndipo akapyola malire akuluakulu a kudambwe alipo oti amudzudzule. Wojambula wa pafoni alibe mudzi. Chithunzi chake chimagwera m'manja mwa aliyense, ngakhale mwana amene bambo ake anamwalira ali ndi zaka zisanu, amene anakula akuonera mwana wamasiye wosalidwa ndi mudzi wonse akukana kubwezera choipa. Mnyamatayo sankateteza inki ayi. Ankateteza munthu amene iye akufuna kudzakhala, ndipo ine, mphunzitsi amene ndimauza ana tsiku ndi tsiku kuti nkhani zimaumba munthu, ndinamuseka.

Ndikanakonda kuthera pamenepo, wojambula ali wolakwa. Koma bwanji ngati nayenso anakulira m'nyumba ya bambo wotamandidwa kunja, womenya mkazi chitseko chikatsekedwa? Ndaphunzitsapo ana otere. Kwa iwo ngwazi yopanda chilema ndi bodza, ndipo chithunzi chija chinganene zoona zimene Kishimoto sananene. Sindimuletsa kujambula. Chimene ndimupempha n'chaching'ono: aike chenjezo, kuti wolowa alowe akudziwa.

M'mawa ndinapepesa. Anangogwedeza mutu, kenako anatulutsa kope lake la masamu. Kumapeto kwake anajambulako Naruto ali m'bwato, nkhafi m'manja, akuwoloka kupita ku Kanyemba, mvuu zitamuzinga.

"Nanga Kishimoto anakulola?" ndinafunsa.

"Uyu ndi wanga, amalume," anatero.