Kodi Maso Alibe Ngongole?

Mnzathu wina amene adapita ku Roma m'Chaka Choyera cha 2025 adapatukako kukaona midzi isanu ya m'mbali mwa nyanja yamchere ku Italy, yotchedwa Cinque Terre. Pobwera adationetsa zithunzi: nyumba zokangamira pathanthwe, ndi minda ya mpesa yosanjikizana kukwera phiri. Tonse tidati, "Ha, Mulungu adalenga!"

Inde, phiri ndi nyanja adalenga ndi Iye. Koma mindayo idamangidwa ndi alimi osauka, amene kwa mibadwo yambiri ankasenza miyala naiyala m'timakoma popanda simenti, kuti nthaka isakokolokere m'nyanja. Zidzukulu zawo zitapita kukafuna ntchito m'mizinda, makoma ambiri adasowa owasamala. Pa 25 October 2011 chimvula chidagumula mapiriwo, matope nadzaza misewu ya Vernazza ndi Monterosso, ndipo anthu adafa.

Tsono funso langa nali: munthu amene wakhutitsa maso ake ndi thukuta la mnzake, kodi achoka wopanda ngongole? Ena adzati kuona nkwaulere ngati kuwotha dzuwa. Ine ndikana. Dzuwa silisenzedwa pamutu.

Tisapite kutali. Taonani mapiri a kwathu kuno ku Ntcheu, cha ku Tsangano, m'mene mizere ya mbatatesi ikometsera zitunda. Wapaulendo aimitsa galimoto, nayamikira, najambula. Pofika pa msika wa Lizulu, munthu yemweyo anenerera ndowa ya mbatatesi kufikira mtengo wake sungabweze ngakhale za feteleza. Munda adaukonda, mwini munda sadamuone.

Sindinena kuti kunenerera konse ndi tchimo, pakuti nawonso ogulitsa adziwa kukweza mtengo akaona nsapato zowala. Koma inu aphunzitsi a katekisimu, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chiwiri musalekere pa wakuba wa usiku. Alipo wina amene atenga masana, akumwetulira, podziwa kuti mlimi sangabwerere nawo katundu wowola kumudzi.

Pamenepa ndidzitsutsa ndekha. Tsiku lina madzulo, mabasi atatha, ndidatsitsa mtengo wa mayi wina kufikira theka. Adawerenga ndalamazo kawiri, nazimanga pansonga ya chitenje, nati, "Zikomo bambo, muyende bwino." Ndipo adandithandiza kusenza thumbalo mpaka pagalimoto.