Kodi Khola la Malemu Ligawidwe?

Munthu woyenda mu msewu wa Cairo ku Lusaka saona ng'ombe yamoyo, koma nyama yokha iri lende m'mabuchala. Komatu mzinda umenewu unakula pakati pa mabusa. Njanji inafika pamalopo m'caka ca 1905, ndipo boma linasamukirako kucokera ku Livingstone m'caka ca 1935. Masiku amenewo malo ambiri amene tsopano adzala nyumba anali mafamu. Ndipo kufikira lero alipo ambiri ku Woodlands, ku Chelstone ndi ku Kabwata amene anaphunzira sukulu ndi ndarama za ng'ombe za atate ao. Tsono atatewo akatsikira kuli cete, anawo amakomana ndi funso lowawa, misozi isanaume: kodi khola ligawidwe, yense atenge zace, kapena likhale limodzi?

Wowerenga ayerekeze munthu amene wamwalira asanakalambe, nasiya ng'ombe 100 pa famu yace ca ku Chongwe, osasiya kalata yonena za cuma cace. Lamulo la Zambia la caka ca 1989 linanena kuti pa magawo 100 a cuma cotere, 20 ndi a wamasiye, 50 a ana, 20 a makolo a malemuyo, ndi 10 a ena amene anali kudya m'dzanja lace. Ngati ana ali asanu, yense alandira ng'ombe 10. Wa ku Woodlands alibe poziika, pakuti kuseri kwa nyumba yace kuli kapinga ndi maluwa. Motero azigulitsa, nagula galimoto. Wa ku Kabwata ali ndi ngongole. Pofika caka camawa, khola limene linamangidwa zaka 30 latsala mitengo ndi ndowe zouma.

Palibe mmodzi wa iwo amene waba. Yense watenga cace, monga mwa lamulo. Ndipo lamulolo lisanyozedwe, pakuti linadza cifukwa ca coipa cacikuru: abale a mwamuna anali kufika pa maliro ndi kusesa zonse, ndi mbale zomwe, nasiya mkazi ndi ana pa mphasa. Mkristu amene anaona zimenezo ndi maso ace sangakhumbe kuti masiku ajawo abwerere.

Koma ng'ombe siziri ngati ndarama za m'thumba, zimene zikagawidwa zikhalabe ndi mtengo womwewo. Ng'ombe itenga bere miyezi 9, nibala thole limodzi. Msoti wa kumudzi ufika ngati zaka zitatu usanabale. Khola lifuna nkhunzi yabwino, madzi a m'cilimwe, ndi dipi yosadukiza m'nyengo ya dzinja, pakuti nkhupakupa ndizo zinyamula cigodola ca kum'mawa ndi denkete imene inapulula makola a Atonga. Mwini ng'ombe 100 akhoza kulipira zonsezi pogulitsa zofula zowerengeka caka ndi caka, osakhudza zazikazi. Mwini ng'ombe 10 sakhoza. Cifukwa cace wogawa khola sagawa cuma cokha, koma adula muzu umene cumaco cimaphukirapo. Ndipo amene amanidwa koposa ndi adzukulu, amene pa tsiku logawalo alibe pakamwa.

Anthu a ku Lusaka adziwa dzina la Galaun. Abe Galaun anali Myuda wa ku Lithuania, amene anafika m'dziko lino nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri pafupi kuyamba. Anayamba ndi malonda a ng'ombe kwa Alozi, nasamukira ku Lusaka, kumene anakhala ndi mabuchala ndi mafamu. Anamwalira m'caka ca 2003, ndipo mwana wace Michael anapitiriza nchitoyo. Sikuti yense wa kumudzi adzafika pamenepo, iai, ndipo kucuruka kwa cuma sindiko cizindikiro ca cilungamo. Cofunika kuona n'cakuti nchitoyo sinaikidwe m'manda pamodzi ndi mwini wace, popeza panali mwana wakuidziwa atate ali moyo.

Makolo a kuno anaidziwa nzeru yomweyo, ngakhale anasiyana njira. Kwa Angoni ng'ombe zinatsata mwana wamwamuna. Kwa Acewa colowa cinatsata mwana wa mlongo. Koma konse kuwiri wolowa m'malo sanayesedwe mwini wakucita cimene afuna. Anali msungi. Mphwace akafuna kukwatira, mlandu ukagwa pa mbumba, njala ikafika, onse anali kuyang'ana khola lomwelo. Angoni a Mpezeni analandidwa ng'ombe zikwi zambiri pa nkhondo ya 1898, koma makola anaukanso, pakuti zotsalazo anazisunga. Ngakhale lamulo la 1989 lomwe linasiyanitsa cuma ca munthu yekha ndi cuma ca banja lonse, ndipo ca banjaco silinacigawe.

Yankho tsono likhoza kukhala lotere: anawo agawane zipatso za khola, ndiwo mkaka, mathole ndi ndarama za zofula, koma zazikazi zobala zikhale pamodzi m'dzanja la mmodzi. Koma pamenepa mpamene pabisala cinyengo. Mau akuti "tisunge khola la atate" atuluka kawiri kawiri m'kamwa mwa munthu amene afuna kudya yekha. Agulitsa ziwiri mobisa, nati zinafa ndi cigodola. Amai ace apempha ndarama za mankhwala, iye nati ng'ombe za banja sizigulitsidwa wamba. Wotereyo aposa wogawa uja kuipa, pakuti waba m'dzina la akufa. Msungi woona ali ndi buku, momwe mulembedwa yobadwa, yakufa ndi yogulitsidwa; ndipo aonetsa bukulo kwa abale ace asanamfunse. Gawo la wamasiye lituruke poyamba, ngakhale caka ciri coipa.

Ndipo a m'tauni nawonso ali ndi mangawa ao. Kawiri kawiri mwana wotsala pa famu ndiye amene sanapitirire sukulu, cifukwa anali kubusa pamene anzace anali m'kalasi. Iye ndiye adzuka usiku ng'ombe ikalephera kubala, ndiye athira dipi mvula irikugwa. Tsono abale afika pa Khrisimasi ndi galimoto, nawerenga mathole, nafuna magawo olingana, osakumbukira mphotho ya wowetayo. Buku la Genesis lisimba za Yakobo amene anaweta zoweta za Labani zaka 20, Labaniyo nasintha malipiro ace kakhumi. Ndipo Malembo sayamika Labani. Kulingana kwa magawo si cilungamo ngati thukuta silinalingane.

Mlandu waukuru uli pa atate amene akhala cete. Ambiri aopa kulemba kalata ya cuma, ati kutero n'kuitana imfa. Ena sauza mwana ali yense za khola, kuopa kuti angawalande ulemu. Momwemo asiyira ana ao ng'ombe pamodzi ndi ndeu. Kukanakhala bwino kuti awaitane onse akali ndi mphamvu, pamaso pa akuru a mpingo ndi a banja, nachule amene adzasunga, mphotho yace, ndi gawo la mai wao, nazilembe.

Ngakhale zitatero, iripo nthawi imene khola liyenera kugawidwa ndithu, ndiyo pamene abale afika posalonjerana cifukwa ca ilo. Abramu ndi Loti anali ndi zoweta zambiri, dziko linawacepera, ndipo abusa ao anayamba kulimbana. Abramu sanaumirire kuti akhale pamodzi. Anapatukana, wina ku cigwa ca Yordano, wina m'dziko la Kanani; ndipo Abramu, angakhale anali wamkuru, analola mwana wa mbale wace asankhe poyamba.