Kodi Wolephera Abwezeredwe Udindo?

Mu mpira wa ku America, quarterback ndiye mtsogoleri wa timu pabwalo. Ndi amene amaponyera anzake mpira, ndipo akasokoneza, onse amagwa naye. Geno Smith atalowa mu New York Jets mu 2013, mipira 21 imene anaponya chaka chimenecho inagwera m'manja mwa otsutsana nawo. Kuyambira 2015 anakhala zaka zambiri ali wodikirira pambali. Kodi woteroyo ayenera kupatsidwanso mwayi?

Ife Asilamu timafulumira kuvomera, pakuti chifundo ndi msana wa chipembedzo chathu. Komatu kukhululukira munthu ndi kumsenzetsa udindo ndi zinthu ziwiri. Abu Dharr atapempha udindo, Mtumiki (SAW) anamkaniza, osati pomuda, koma poona kuti ntchitoyo ikanamlemera, pakuti udindo ndi amana. Khalid bin Walid, amene anasautsa Asilamu pa nkhondo ya Uhud, atalowa Chisilamu anadzatsogolera asilikali athu. Onse awiri anayesedwa ndi muyeso umodzi: kutha kwawo pa nthawiyo.

Mu 2022 Seattle Seahawks sinampatse Smith malowo pomumvera chisoni. Inamlola kupikisana ndi Drew Lock, iye napambana, ndipo nyengo imeneyo anaponya ma touchdown 30.

Tikamasankha otsogolera misikiti ndi madrasa, tikumbukire zimenezi. Kutsekera munthu khomo chifukwa cha zakale ndi kumpondereza. Kumlowetsa osamuyesa ndi kupondereza amene adzawatsogolere. Chimene wogwa ayenera kulandira ndi mpata woyesedwanso mwachilungamo.