Dzina Lachiwiri la Mwana: Nla Kholo Kodi, Kapena Nla Mwanayo?

Mwana wamwamuna akabadwa, dzina loyamba silibvuta kupeza. Makolo ambiri akonda dzina lalifupi, monga Luka, Tito, Leo kapena Yona, pakuti lotere liitanika msanga pabwalo, ndiponso mwana sachedwa kulilemba akayamba sukulu. Koma dzina lalifupi limveka ngati lasiya malo, ndipo pamalo pamenepo anthu afuna kuikapo lachiwiri. Apa mpamene mkangano uyambira. Atate afuna dzina la malemu atate ao, amai afuna dzina lokumbutsa zimene adaziona ali ndi pakati, agogo naonso ali ndi lao. Onsewa alankhula, chikhalirecho mwini dzina ali gone m'chikuta, sangathe kubvomera kapena kukana. Tsono funso nali: dzinalo nla yani?

Ena ayesa kuti woweruza ndi khutu. Ati dzina lalifupi lifuna linzake lalitali, ndipo Luka Chimwemwe amveka bwino kupambana Luka Luso, m'mene lilime lipunthwa pa mau ofanana. Sakunama ai, pakuti dzina lidzatchulidwa mokweza pa ubatizo, m'kalasi, pa ukwati, mpaka pa manda. Koma kukoma kwa m'khutu nkochepa poyerekeza ndi tanthauzo, makamaka m'Chichewa, m'mene pafupifupi dzina lililonse lili mau omveka kwa aliyense. Mzungu angathe kukhala moyo wake wonse osadziwa chimene dzina lake linena. Koma Limbani kapena Mabvuto alimva tanthauzo lake nthawi zonse pamene aitanidwa.

Mwambo wa maina awiri uli ndi mbiri yake. Malamulo a Eklezia a chaka cha 1917 adauza ansembe kuti aonetsetse kuti wobatizidwa alandira dzina lachikhristu, ndipo ngati makolo aumirira dzina lao, wansembe aonjezepo dzina la woyera mtima, nalembe onse awiri m'buku la ubatizo. Ku mipingo inanso anthu adatenga maina achilendo. Mtsogoleri woyamba wa Malawi adatchedwa Kamuzu kwao ku Kasungu, ndipo la Hastings adalitenga pambuyo pake. Kwina zinthu zidapita mbali ina. Mu 1972 Mobutu wa ku Zaire adalamula anthu ake kuti ataye maina a ubatizo, nayenso adataya lake la Joseph-Désiré. Malamulo atsopano a Eklezia a 1983 adamasula goli lija. Apempha chinthu chimodzi chokha, kuti makolo, oimirira mwana pa ubatizo ndi wansembe asalole dzina lotsutsana ndi mtima wachikhristu. Kotero lero ufulu uli m'manja mwa makolo, ndipo pamene pali ufulu, pomwepo pali mlandu.

Mlandu waukulu uli pa maina a chisoni ndi a chidani. M'midzi muli anthu otchedwa Tsoka, Manda, Maliro, Nditani ndi Ndaziona. Munthu asafulumire kunyoza amene adatcha maina otere. Kale ana ankafa ambiri asanayambe kuyenda, ndipo mai amene adaika ana atatu m'manda ankatcha wachinai dzina lonyansa, poyesa kuti imfa kapena mfiti imuona ngati chinthu chachabe, nimupitirira. Chimenecho chidali chikondi chobvala nsanza. Ndiponso anthu osalemba ankasunga mbiri yao m'maina, kotero kuti wotchedwa Njala ankakumbutsa mudzi wonse chaka chimene nkhokwe zidauma. Koma alipo maina ena amene sateteza mwana konse. Mai wokangana ndi apongozi ake, kapena ndi mkazi mnzake wa pamitala, atcha mwana dzina lokuluwika, kuti poitana mwanayo madzulo mau akalase wina kuseri kwa mpanda. Pamenepo mwana wasanduka mubvi, ndipo adzakhalabe mubvi adani aja atayanjana kale, kapena atafa onse.

Wina angatsutse kuti: kodi kholo limene lidamva zowawa lilibe ufulu wakunena zowawa zake? Ufulu lili nao ndithu, koma pakamwa pake pomwe, osati pamphumi pa wina. Buku la Genesis lisimba za Rakele, amene pomwalira ndi uchembere adatcha mwana wake Benoni, ndiko kuti mwana wa chisoni chake. Palibe angamdzudzule mai uja pa ora lotere. Komabe Yakobe, amenenso adali m'misozi, sadalole kuti mwana asenze imfa ya amai ake moyo wake wonse, ndipo adamutcha Benjamini, mwana wa dzanja lamanja. Chisoni cha Rakele chidali choona, koma chidali cha tsiku limenelo. Moyo wa mwana udali kutsogolo.

Nawonso abale alibe mau otsiriza. Mthenga Wabwino wa Luka usimba kuti anansi ndi achibale adafuna kutcha mwana wa Elizabeti dzina la atate ake Zakariya, monga mwa chizolowezi, koma makolo ake adaumirira la Yohane. Kutcha mwana dzina la agogo nkwabwino, pakuti kumangirira mwana ku mtundu wake. Koma kukachitika chifukwa cha mantha, kapena kuti amalume olemera akondwere, dzina lasanduka malonda.

Pali choona china chimene chitonthoza amene adalandira kale dzina lolemera. Dzina silipanga munthu ai, munthu ndiye adzaza dzina. Kizito adali mnyamata wa ku Buganda, wamng'ono mwa onse amene adatenthedwa pa Namugongo pa 3 June 1886. Dzina lake lidali la kwao, silidali m'buku la oyera mtima. Koma pamene Papa Paulo VI adalengeza amaritiri 22 a ku Uganda kuti ndi oyera mu 1964, dzinalo lidalowa m'buku, ndipo lero anyamata ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia abatizidwa nalo. Chimodzimodzi alipo a Mabvuto amene adakhala dalitso la mudzi wao, ndi a Chikondi amene adasautsa anzao. Komabe ichi sichimasula kholo. Munthu wamphamvu angathe kukwera phiri ndi mwala pamutu, koma womsenzetsa mwalawo sayamikidwa.

Ndiponso masiku ano dzina limamatira kupambana kale. Pa mwambo wakale mnyamata ankalandira dzina latsopano potuluka ku chinamwali, ndipo la ubwana linkaiwalika. Koma chilembetsereni anthu a m'Malawi ziphaso za unzika mu 2017, dzina lolembedwa litsata mwini wake ku mayeso, ku banki, ku chipatala ndi pa malire a dziko. Lachiwiri lija, limene pakhomo silimveka kawirikawiri, ndilo limene mlendo adzaliwerenga pa pepala asanamdziwe munthuyo.

Chifukwa chake yankho la funso lija nlakuti: kholo lisankha dzina, koma mwini wake ndi mwana. Kholo lili ngati munthu wosungira wina chuma, amene tsiku lina adzafunsidwa za icho. Pofuna dzina loti litsagane ndi Tito kapena Leo, makolo ayambe aganiza za tsiku limene mwanayo, ali ndi ndebvu, adzafunsa kuti: "Atate, dzina ili mudanditchiranji?" Ngati yankho lingathe kunenedwa pamaso pake popanda manyazi, kaya ndi la woyera mtima woti amtsanzire, kaya la agogo amene adali munthu wolungama, kaya la chiyamiko monga Mphatso ndi Madalitso, dzinalo nlabwino. Koma ngati yankho lifuna kudzutsa mkangano wakale, dzinalo lisiyidwe. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo dzina ndiwo mau oyamba amene dziko linena za munthu.