Khomo la nkhokwe: mfundo zofunika kwa olemba mafomu a pa intaneti

Munthu akadzaza fomu pa intaneti, kaya yofunsira ntchito kaya malo a sukulu, n'kudina batani lotumizira, amati zake zatha. Kwa wolemba pulogalamu m'pamene ntchito ikuyamba. Zimene walembazo ziyenera kukalowa mu database, nkhokwe yosungiramo, ndipo ambiri timazilowetsa kudzera pa stored procedure, malamulo a SQL olembedweratu amene amakhala m'nkhokwe momwemo n'kumaitanidwa ndi dzina. Ogwira ntchitoyi ndi makina, koma khalidwe limene limaonekamo ndi la amene anawalamula.

1. Dzina la munthu silikhala lolakwika. Mu SQL, kachizindikiro kamene timalemba mu Ng'oma kapena M'mbelwa ndi komwe kamasonyeza poyambira ndi pothera mawu. Wolemba akangomata dzina lotere pakati pa lamulo, lamulolo limaduka pa kachizindikiroko ndipo fomu imakana. Waulesi amathetsa vutoli poletsa kachizindikiroko, ndiye mayi amene makolo ake akhala akutchedwa a Ng'oma kuyambira kalekale amauzidwa ndi kompyuta kuti akonze dzina lawo. Umenewu ndi mwano, ngakhale waunena ndi makina. Stored procedure imalandira dzina ngati parameter, ndiye kuti ngati katundu womangidwa payekha, ndipo limafika lathunthu. Ulemu womwewu ukufunikanso pa ŵ wa mu Malaŵi: mu SQL Server, mukamusungira malo a VARCHAR wamba m'malo mwa NVARCHAR, kachipewa kake kakhoza kutayika panjira. Nambala ya foni nayo muisunge ngati mawu. Mukaisunga ngati chiwerengero, ziro wa kumayambiriro kwa 0888 kapena 0999 amasowa.

2. Mpata umene ukupunthwitsa a Ng'oma ndi womwewo umene mbala imaloweramo. Ikaona kuti kachizindikiro kaja kakudula lamulo, imalemba lamulo lake m'bokosi la dzina, nkhokwe n'kumvera. Kumeneku ndiye kuba kotchedwa SQL injection, ndipo si kwa dzulo: Jeff Forristal anakufotokoza m'magazini ya Phrack mu 1998. Komabe mu 2015, patapita zaka 17, kampani ya mafoni ya TalkTalk ku Britain inaberedwa mwa njira yomweyi zinsinsi za makasitomala pafupifupi 157,000, ndipo chaka chotsatira inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 400,000. Chondiganizitsa kwambiri pa nkhaniyi ndi kumene mbala zinadzera. Zinalowera pa masamba akale amene kampaniyo inatengera pamene inagula nthambi ya Tiscali ya ku Britain mu 2009, masamba omwe anangosiyidwa osawayang'anira. Tonsefe tili nako kafomu kena kamene tinalemba tikuphunzira kumene ntchito, kakugwirabe mpaka lero, ndipo sitikufuna kukatsegula chifukwa tikudziwa zimene tikapezemo.

3. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pali anzathu amene amati bola alemba stored procedure, basi atetezeka. Mukatsegula procedure yawoyo mupeza akulumikiza mawu a mlendo ndi lamulo, kenako n'kuliyendetsa ndi EXEC. Mpata uja sunatsekedwe, wangosamukira kuchipinda. Ngati lamulo liyeneradi kumangidwa pompopompo, SQL Server ili ndi sp_executesql imene imalandira ma parameter bwinobwino.

4. Wantchito mum'patse kiyi wa khomo limene akugwirapo, osati mtolo wonse. Tsamba la fomu silifunika mphamvu zofufuta matebulo kapena zowerenga malipiro a anthu. GRANT EXECUTE pa procedure imodzi ikukwanira. Koma kangati timalumikiza tsamba ndi akaunti ya sa kapena root, yokhala ndi makiyi onse, tikudziuza kuti tidzakonza mawa? Kuchepetsa makiyi sikutanthauza kuti mukumuganizira munthu zoipa. Kumangochititsa kuti tsiku limene zinthu zidzalakwike, kudzapse kachisakasa kokha, nyumba n'kutsala.

5. Ntchito yosiyira panjira imapweteka kuposa yosayamba. Fomu imodzi nthawi zambiri imalemba m'matebulo angapo: uku dzina la wophunzira, uku maphunziro amene wasankha, uku ndalama zimene walipira. Magetsi akathima dzina litalembedwa koma ndalama zisanalembedwe, mwana uja amaoneka ngati wangongole pamene kholo lake linagulitsa mbuzi. N'chifukwa chake pali BEGIN TRANSACTION, COMMIT ndi ROLLBACK. Zonse zikayenda bwino, COMMIT imatsindika. Chimodzi chikalephera, ROLLBACK imabweza zonse kumene zinali, ngati wogulitsa pamsika amene akubwezerani ndalama yanu yonse chifukwa chenji chasowa. Ndi mizere itatu yokha, koma imaiwalika kawirikawiri chifukwa pa kompyuta ya wolembayo, pamene ankayesera, netiweki sinaduke n'kamodzi komwe.

6. Netiweki ikamachedwa munthu amadina batani kawiri kapena katatu. Musamudzudzule, nanunso mumatero. Ikani UNIQUE pa chinthu chimene sichiyenera kubwerezedwa, procedure izindikire kuti fomuyi yafika kale.

7. Musanene kuti mwalandira chimene simunalandire. Ine pano ndinalakwapo. Ndinaika TRY ndi CATCH, zogwirira zolakwika, mu procedure ina, koma mu CATCH osalembamo kanthu, poti sindinkafuna kuti anthu aziona mauthenga oopsa. Vuto likachitika linkangomezedwa, tsamba n'kuthokoza wodzazayo kuti zonse zasungidwa. Bokosi la adiresi ndinalipatsa malo ochepa, ndiye aliyense wa adiresi yaitali, wotchula mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, fomu yake inkakanidwa mwakachetechete. A m'tauni a adiresi zazifupi ankalowa bwinobwino. Zinadziwika pamene bambo wina anafika pa ofesi atakwera minibasi ziwiri, foni ili m'manja, akuonetsa chithunzi cha uthenga wathu wothokoza uja. Tinafufuza dzina lawo m'nkhokwe yonse, iwo ataima pakauntala chipewa chili m'manja, ndipo silinapezeke. Anadzazanso fomuyo pa pepala.