Anadziwa, Koma Anangomucenjeza

Nkhani imene ndabwera nayo si yokoma kuiwerenga, ndipo ena mwa inu mudzafuna kutsegula tsamba lina. Ndikupemphani mupirire nane.

Munthu wamkulu akagona ndi mwana, palibe pakati pathu amene amakaika kuti wolakwa ndani. Funso limene limativuta ndi lina. Kodi sukulu imene inamulemba nchito, mpingo umene unamupatsa ana kuti aziwaphunzitsa, kapena boma limene limamulipira pakutha kwa mwezi, nazonso zili ndi mlandu? Ambiri timayankha kuti iai. Timati sukulu ndi njerwa ndi malata cabe, ilibe manja, ilibe mtima, wocimwa ndi munthu. Ine ndikuona kuti yankho limeneli ndi loperewera, ndipo ana ambiri avulala nalo.

M'caka ca 2006, mtsikana wa zaka 13 wa pa sukulu ina ya boma mu Lusaka anapempha mphunzitsi wake mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Mphunzitsiyo anamuuza kuti akawatenge kunyumba kwake, ndipo mwanayo atafika anamugwirira. Anatenganso matenda opatsirana. Wacibale amene anali kumulera anapita nayo nkhaniyo kwa ahedi, ndipo kumeneko kunaululika kuti aka sikanali koyamba kuti mphunzitsi ameneyu adandaulidwe. Ahedi anali kudziwa, ndipo anali atamucenjezapo kale. Apolisi nao sanaufikitse mlanduwo kukhoti. Koma banjalo silinagonje. Linasumira mphunzitsiyo, sukuluyo, Unduna wa Maphunziro ndi loya wamkulu wa boma. Mphunzitsiyo anadziteteza ponena kuti mwanayo anali cibwenzi cake. Mu June 2008, woweruza Phillip Musonda wa ku High Court anakana mau amenewo, popeza mwana wa zaka 13 sangavomereze zotero. Analamula kuti mtsikanayo apatsidwe K45 miliyoni, ndalama zakale zija tisanacotse maziro atatu mu 2013. Anadzudzula apolisi cifukwa cosagwira nchito yao, napempha Unduna kuti uike malamulo oteteza ana m'masukulu. Koposa zonse, anagamula kuti mwana akakhala m'manja mwa aphunzitsi ndi akuluakulu a sukulu, ali m'manja mwa boma, ndipo boma liyenera kuyankha pa zimene zamucitikira.

Taonani pamene panagona mlandu wa sukuluyo. Ahedi sanakhudze mwana. Mwina anali munthu wabwino ndithu, wosafuna phokoso, wosafuna kuononga nchito ya mnzake amene ali ndi banja lodyetsa. Anamuitana, namulankhula, namubweza m'kalasi. Koma kuyambira tsiku limene anamva dandaulo loyamba, iwo anali kudziwa cinthu cimene makolo a ana ena onse sanali kudziwa. Makolowo anapitiriza kutumiza ana ao m'mawa uliwonse, atawasambitsa ndi kuwaveka yunifomu, cifukwa anakhulupirira kuti wina akuyang'anira. Amene anali ndi mphamvu yocotsa ngozi anaisiya pomwepo. Apa ndi pamene njerwa ndi malata zija zimakhala ndi manja. Sukulu, mpingo ndi boma zimacimwa kudzera mwa anthu amene apatsidwa mpando, pamene adziwa coipa nasankha kucita cocepa kuposa cimene mpandowo ukuwalola kucita.

Nkhani ya Eli, m'mitu yoyambirira ya buku loyamba la Samueli, timakonda kuiphunzitsa ngati ya makolo olekerera ana. Ndi zoona, koma Eli sanali tate cabe, analinso wansembe woyang'anira nyumba ya Mulungu ku Silo. Anamva zimene ana ake awiri anali kucita ndi akazi otumikira pakhomo la cihema. Sanakhale cete ai, anawadzudzula, ndipo mau ake anali abwino. Koma anawasiya pa nchito. Ciweruzo cinagwera nyumba yake cifukwa anadziwa ndipo sanawaletse. Kucenjeza kopanda kuletsa kumatonthoza mtima wa wocenjezayo, koma mwana amene adzakumana ndi munthuyo mawa sikumuthandiza kanthu.

Pali cina coposa kucenjeza cimene mabungwe amakonda, ndico kusamutsa. Ife a m'masukulu timawadziwa mau akuti transifa. Munthu akanunkha pamalo, amatumizidwa kwina kumene sakumudziwa, ndipo otsala amapuma kuti vuto latha. Silinathe, langopatsidwa ana a eni ake ena. Citsanzo cowawa ca zimenezi cinayambira ku England n'kudzathera pafupi ndi ife. John Smyth anali loya wochuka ndiponso mtsogoleri wa misasa ya cikristu ya anyamata. Mu 1982 atsogoleri ena a cipembedzo analandira lipoti lolembedwa lofotokoza nkhanza zoopsa zimene anali kucitira anyamatawo. Sanapite nalo kupolisi. Mu 1984 Smyth anasamukira ku Zimbabwe, nayambitsanso misasa ya anyamata a sukulu. Mu 1992 mnyamata wa zaka 16 anapezeka atafa m'dziwe losambiramo pa umodzi wa misasayo. Mlandu unatsegulidwa koma sunafike pamapeto. Kenaka anapita ku South Africa, kumene anamwalira mu 2018 asanaweruzidwe ndi khoti lililonse. Lipoti la Keith Makin, limene linatuluka mu November 2024, linapeza kuti anyamata oposa 100 anazunzidwa m'thupi, m'maganizo, mu uzimu ndiponso mwa ciwerewere, ndipo ambiri a iwo anali a kuno ku Africa. Patangopita masiku ocepa, Justin Welby, mkulu wa mabishopu ku Canterbury, analengeza kuti akutula pansi udindo, cifukwa nkhaniyo inamufika mu 2013 koma sanaonetsetse kuti yatsatidwa mokwanira.

Werengani zakazo: kucokera 1982 kufika 2024. Anthu amene anabisa lipoti loyamba lija anali kupemphera ngati ife, ndipo anali kuopa kuti nchito ya Mulungu inyozeka. Kodi inapulumuka? Manyazi amene anawathawa anadzawapeza atakula, ndipo pa zaka zonsezo amene analipira anali ana a amai a ku Zimbabwe, amene sanauzidwe ciliconse. Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Mbiri yabwino imene ikusungidwa ndi misozi ya mwana si ya Mulungu, ndi yathu, ndipo tisamamunamizire.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi mafunso awiri, ndipo si opusa.

Loyamba ndi lakuti, nanga ngati mwanayo akunama? Zimacitika kuti munthu anenezedwe, ndipo dzina likaipa silicapika msanga. Koma ganizirani bwino. Cifukwa ceniceni cakuti nkhaniyi ndi yolemera ndico cimene siyenera kuweruzidwa mu ofesi ya ahedi kapena m'bwalo la akulu a mpingo. Iwo alibe dokotala, alibe mphamvu yofufuza, ndipo kawirikawiri woimbidwa mlanduyo ndi mnzao amene amadya naye. Mwana wa zaka khumi ataimikidwa pamaso pa azibambo asanu ndi mmodzi, womulakwirayo ali pompo, adzanena ciani? Kupereka nkhani kupolisi sikuweruza munthu. Kumucotsa pakati pa ana pamene akufufuza sikumupeza wolakwa. Ngati ali wosalakwa, kufufuza koona ndiko kudzamuyeretsa, osati manong'onong'o a m'mudzi.

Laciwiri ndi la cikhululukiro. Ife ndife anthu okhululukidwa, ndipo sitikana kuti ngakhale wocita zoterezi akhoza kulapa. Koma cikhululukiro ca mwana ndi ca mwanayo. Komiti singakhululuke m'malo mwake, ngakhale amalume amene alandira mbuzi kapena ng'ombe kuti nkhani ithere panyumba. Kumuuza mwana kuti akhululuke lero, bala likali kukha magazi, kuti akulu apume, ndi kumusenzetsa katundu waciwiri. Cilango ca mpingo cili ndi malo ake, koma sicilowa m'malo mwa lamulo la dziko. Ndipo munthu amene walapadi sapempha kuti abwezeredwe kalasi la ana. Wopempha zimenezo ngofunika kumuyang'anitsitsa.

Tsono boma. Pa malamulo, dziko lathu layenda ndithu. Kuyambira mu 2005, wopezeka ndi mlandu wogona ndi mwana wosafika zaka 16 amalandira zaka zosacepera 15 m'ndende, ndipo akhoza kukhalamo moyo wake wonse. Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit. Mu 2011 kunabwera lamulo lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, ndipo mu 2016 makhoti ofulumizitsa milandu yotere anatsegulidwa, loyamba ku Kabwe. Lamulo la 2013 linakhazikitsa Teaching Council of Zambia, bungwe lolembetsa aphunzitsi, kotero kuti mphunzitsi akhoza kulandidwa cilolezo cophunzitsa. Mu 2022 kunabwera Children's Code Act, lamulo limene linasonkhanitsa pamodzi malamulo a ana, ndipo limafuna kuti mabungwe ogwira nchito ndi ana akhale ndi ndondomeko yowatetezera. Kumapeto kwa 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti pasakhale ukwati wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale wa mwambo. Zonsezi ndi zoyamika, ndipo amene anazimenyera nkhondo, ambiri a iwo azimai, sanagone tulo.

Koma onani kuti diso lathu lonse lili pa wocita coipayo. Timakondwa tikamva pa wailesi kuti wina wapatsidwa zaka 25, ndipo n'koyenera. Amene sitifunsa ndi uja anadziwa. Ndani analandira dandaulo loyamba? Analilemba pati? Ndani anasaina kalata yosamutsa? Bungwe limasintha pamene kubisa kwayamba kulidyera ndalama ndi mipando kuposa kuulula. Malinga ngati wobisa sataya kanthu, ndipo woulula ndiye amadedwa kuti wacititsa manyazi sukulu, anthu adzapitiriza kubisa ngakhale zaka za m'ndende zitaonjezedwa kawiri.

Dziko la Australia linayesa kufunsa funso limeneli poyera. Kuyambira 2013 mpaka 2017, bungwe lofufuza loikidwa ndi boma linayang'ana mmene machalichi, masukulu, nyumba zolerera ana ndi magulu a masewera anacitira atamva madandaulo. Anthu oposa 8,000 anakafotokoza m'seri zimene zinawacitikira, ambiri ali okalamba kale. Mabishopu ndi akuluakulu a mabungwe anaitanidwa kudzayankha pamaso pa anthu. Pamapeto panatuluka malangizo 409. Mu 2018 boma linayambitsa thumba lopepesera ozunzidwa, limene mabungwe olakwawo ayenera kulipirako, ndipo nduna yaikulu Scott Morrison anapepesa m'nyumba ya malamulo. Sindikunena kuti kumeneko zonse zili bwino, kapena kuti ndalama zingabweze ubwana wa munthu. Cimene ndatolapo n'cakuti funso lao silinali lakuti wacita ndani lokha, koma linalinso lakuti anadziwa ndani, liti, ndipo anacita ciani. Woweruza Musonda anafunsa funso lomwelo kuno kwathu mu 2008, pa mlandu wa mwana mmodzi. Cimene cikufunika n'cakuti lizifunsidwa pa mlandu uliwonse, popanda kudikira banja lolimba mtima ndi loya wodzipereka. Mai wa kumudzi amene polisi ili pa mtunda wa tsiku lathunthu sangasumire Unduna.

Mwina mukuti, izi ndi za aphungu ndi nduna, ife tilowapo bwanji? Amai anzanga, mabungwe amene tikunenawa ndife tomwe. Ndife timakhala m'makomiti a makolo ndi aphunzitsi. Ndife timaphunzitsa Sande Sukulu, timaphikira ana pa misasa, timalangiza atsikana. Nthawi zambiri munthu woyamba kumva nkhani yotere ndi mai, pa mtondo, pa mjigo kapena potuluka m'mapemphero, ndipo kawirikawiri ndi mai amene amati, "Khala cete mwanawe, usatiyalutse." Pamenepo maiyo wakhala pa mpando wa ahedi aja.

Pa msonkhano wa makolo ukubwerawu, imikani dzanja mufunse kuti mwana akafuna kudandaula za mphunzitsi amapita kwa yani, ndipo ngati wodandaulidwayo ali ahedi eni ake, apite kuti. Funsani ngati pali buku lolembamo madandaulo, ndi amene amaliwerenga kucokera kunja kwa sukulu. Funsani ngati mphunzitsi amaloledwa kutuma mwana kunyumba kwake, kaya kukatenga mapepala, kaya kukatunga madzi kapena kusesa. Mafunso omwewo muwatengere ku bwalo la mpingo: ndani amagona kuti pa misasa ya ana, ndani amatsala yekha ndi mwana pambuyo pa kwaya, ndipo munthu wocokera ku mpingo wina asanapatsidwe ana, amafunsidwa ciani kumene wacokera. Pemphani kuti mayankho alembedwe m'maminiti, cifukwa zapakamwa zimauluka, ndipo tsiku la mlandu aliyense amati sanamve.

Ndipo mwana akakuuzani, musayambe ndi kumufunsa cimene anapitira kumeneko. Musamusambitse kapena kucapa zovala zake asanaonedwe. Pitani naye kucipatala tsiku lomwelo, cifukwa mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndipo mukanene kupolisi ku Victim Support Unit. Ngati muli kutali kapena mukuopa, imbani 116, nambala ya ana, yosalipira. Abusa ndi ahedi muwauze ndithu, koma musadikire cilolezo cao.